Chigongono cha Mlendo: Mlandu wa Gule wa Salsa ku Reiger Park

Pali mlandu umene ukuzengedwa mwakachetechete pakati pa Amalawi okhala m'matauni a kum'mawa kwa Johannesburg. Woimbidwa mlanduyo ndi munthu wamba: mnyamata wosamalira maluwa pa nyumba ya bwana ku Boksburg, kapena mayi wosoka zovala amene akuchita lendi kachipinda ka kuseri kwa nyumba ku Reiger Park. Tchimo lake n'lakuti pa tsiku lake lopuma, m'malo mogona kapena kukasaka ganyu wina, wayamba kuphunzira gule wa salsa. Kakanema ka pa foni kakangofika kumudzi pa WhatsApp, oweruza amakhala pansi. Achibale amafunsa ngati munthuyo anapitira dansi ku Joni. Akuluampingo amadandaula za manja amene agwira m'chiuno mwa mkazi wa mwini. Koma chigamulo cholemera koposa chimachokera kwa ophunzira, anthu amene anayenera kudziwa bwino: akuti uku n'kutaya chikhalidwe, n'kutengera za Azungu, ndi utsamunda wa m'maganizo. Nkhani ino ikutsutsa chigamulo chimenechi. N'cholakwika pa mbiri, n'cholakwika pa chinenero, ndipo chikanenedwa za munthu wa ku Reiger Park chimakhalanso choopsa.

Kuti kuopsako kumveke, n'kofunika kuyamba ndi malowo. Reiger Park ndi lokeshoni ya mu mzinda wa Boksburg, m'dera limene lero likutchedwa Ekurhuleni. Kale malowa ankatchedwa Stirtonville, ndipo munkakhala anthu a mitundu yosakanikirana, pafupi ndi mgodi wa golide wa East Rand Proprietary Mines umene unayamba mu 1893. Lamulo la tsankho la Group Areas Act la 1950 linadzawapeta ngati mpunga. M'zaka za m'ma 1960 anthu akuda anasamutsidwira ku Vosloorus, ndipo Stirtonville inasiyidwira anthu amene boma linkawatcha Makaladi, n'kupatsidwa dzina latsopano la Reiger Park. Choncho lokeshoniyi inabadwa kuchokera m'ganizo lakuti mtundu uliwonse uli ndi khola lake. M'zaka za m'ma 1990, pambali pake panamera mudzi wa zisakasa wotchedwa Ramaphosa, momwe munadzakhala osauka a dzikolo pamodzi ndi obwera ochokera m'maiko oyandikana, makamaka ku Mozambique.

Pa 11 Meyi 2008 ziwawa zothamangitsa obwera zinabuka ku Alexandra, ndipo patangopita masiku owerengeka zinafika ku East Rand. Pa 18 Meyi, m'mudzi wa Ramaphosa, gulu la anthu linamenya ndi kutentha wamoyo bambo wa ku Mozambique wa zaka 35, Ernesto Alfabeto Nhamuave. Chithunzi cha thupi lake likuyaka chinasindikizidwa m'nyuzipepala za dziko lonse lapansi. Pamene ziwawazo zinkatha, anthu 62 anali atafa, ndipo 21 mwa iwo anali nzika za South Africa yomweyo. Boma la Malawi linathandiza anthu ake kubwerera kwawo, monga linadzachitiranso mu 2015. Chimene wophunzira zinenero sayenera kuiwala ndi njira imene achiwembu ena ankazindikirira mlendo m'masiku amenewo. Munthu ankamuimika n'kumuloza chigongono kuti atchule dzina lake m'Chizulu. Liwulo ndi indololwane, ndipo ngakhale ena obadwira momwemo, olankhula Chitsonga kapena Chivenda, lilime linkawapunthwa. Ndi mayeso omwe aja a pa madooko a Yordano m'buku la Oweruza, pamene kulephera kutchula liwu limodzi kunali imfa. Dzina lachipongwe lakuti makwerekwere nalonso, malinga ndi mmene ambiri amafotokozera, limatsanzira kamvekedwe ka chinenero cha mlendo m'khutu la amene sakuchimva.

Mfundo ya achiwembuwo inali imodzi: chilichonse chili ndi kwawo, ndipo chopezeka kwa eni chichoke. Wophunzira amene akunena kuti Mmalawi azivina za Chimalawi basi alibe chikwanje m'manja, ndipo palibe akumuyerekeza ndi wakupha. Koma mfundo yake ndi mphwake wa mfundo ijayi. Onse awiri amaloza chiwalo cha thupi la munthu n'kufunsa chiphaso.

Ndiponso ndani ananena kuti salsa ndi ya Azungu? Dzinali ndi lachisipanishi, litanthauza msuzi, ndipo linatchuka ku New York m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, pamene kampani ya Fania Records, imene Johnny Pacheco ndi Jerry Masucci anakhazikitsa mu 1964, inkafuna liwu limodzi logulitsira nyimbo za anthu ochokera ku Cuba, Puerto Rico ndi Dominican Republic. Oimba ena akuluakulu monga Tito Puente ankalinyoza dzinalo, popeza nyimbozo zinalipo kale ilo lisanabwere. Tsinde lake ndi son, maimbidwe a kum'mawa kwa Cuba, chilumba chimene chinalandira akapolo ochokera ku Africa mpaka m'zaka za m'ma 1860, n'kudzathetsa ukapolo mochedwa mu 1886. Msana wa nyimboyi ndi clave, timitengo tiwiri timene timagundidwa kasanu, katatu kenaka kawiri kapena kawiri kenaka katatu, mobwerezabwereza kufikira nyimbo itatha. Aliyense amene anamvapo khasu likugogodedwa pa gule, kapena botolo likumenyedwa ndi msomali pa bandi ya kumudzi, akudziwa ntchito ya kamvekedwe kotere: ndi mzati umene ng'oma zonse zimatsamirapo. Gerhard Kubik, amene anayamba kufufuza nyimbo za ku Malawi m'zaka za m'ma 1960, anasonyeza kuti magundidwe a mtundu uwu sasintha msanga, ndipo ali ngati chidindo cholondolera ulendo wa nyimbo kuchoka ku Africa kupita kutsidya kwa nyanja ya Atlantic.

Umboni wina uli m'mawu. M'magulu oyamba a son, liwu lalikulu la pansi linkachokera m'bokosi la timano tachitsulo lotchedwa marímbula, limene ndi kalimba kapena sansi yokulitsidwa. Tsinde la -limba likumveka poyera. Mwa mitundu ya akapolo imene inalembedwa ku Cuba munali macuá, ndiye kuti Amakua a kumpoto kwa Mozambique, ogulitsidwa kudzera pa madooko monga Quelimane ndi chilumba cha Mozambique, komwenso kunkathera anthu ogwidwa m'dziko la Amaravi. Mmodzi wa anthu oyamba kupereka mawu a Chinyanja kuti alembedwe anali Mateke, munthu womasulidwa mu ukapolo amene Sigismund Koelle anamupeza ku Freetown, kutali ku West Africa, n'kusindikiza mawu akewo mu Polyglotta Africana mu 1854. Ngati Chinyanja chinafika ku Freetown m'kamwa mwa kapolo, palibe chodabwitsa kuti kamvekedwe ka ng'oma kanafika ku Havana. Koma pano pafunika kudziletsa. Mambo wa ku Cuba si mambo wa Chinyanja ndi Chishona wotanthauza mfumu. Akatswiri ambiri amamulondola ku liwu la Chikongo la mambu, lotanthauza mawu kapena nkhani. Gawo lalikulu la cholowachi ndi la Akongo ndi Ayoruba, ndipo kunena kuti salsa inabadwira ku Dedza kungakhale bodza lofanana ndi lija lakuti inabadwira ku Ulaya. Chokwanira n'chakuti ndi mwana wa Africa wobadwira kuchilendo.

Mwanayo anabwerera kalekale, ndipo analandiridwa popanda womufunsa pasipoti. Kuyambira 1933 kampani ya EMI inkatumiza ku Africa mbale za galamafoni za nyimbo za ku Cuba zokhala ndi chizindikiro cha GV. Mbale yoyamba, GV 1, inali El Manisero, nyimbo ya wogulitsa mtedza. Ku Léopoldville ndi ku Brazzaville oimba anazimva ngati mawu a m'bale wawo, ndipo mwa izo munatuluka rumba ya ku Congo: ya Joseph Kabasele ndi African Jazz kuyambira 1953, ya Franco ndi OK Jazz kuyambira 1956. Nyimbo yotchuka yokondwerera ufulu wa Congo mu 1960 inali cha-cha-chá. Mu Seputembala 1974 Celia Cruz ndi Fania All-Stars anaimba pamaso pa khwimbi la anthu m'bwalo la zamasewera ku Kinshasa. Ku Malawi, Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka ankaimba kwela wa ku Joni, sinjonjo, ndi lumba, limene ndi liwu lomwelo la rumba litavala lilime la Chichewa. Kwasakwasa ndi ndombolo, zimene zinagwedeza maukwati a ku Ndirande ndi ku Kawale, ndi zidzukulu za ulendo womwewo. Mu 2021 bungwe la UNESCO linalemba rumba ya ku Congo m'kaundula yemweyo momwe muli Gule Wamkulu ndi Vimbuza. Wodzudzula salsa amene anavinapo kwasakwasa pa ukwati wa mlongo wake akukana agogo pamene mdzukulu wam'bereka kumbuyo.

Nanga magule amene akuti ndi "athu enieni" anachokera kuti? Dzina la beni wa ku Mangochi ndi liwu lomwe lija la bandi. Terence Ranger anafotokoza mu 1975 mmene guleyu anayambira m'matauni a Aswahili a m'mphepete mwa nyanja cha m'ma 1890, potsanzira perete wa asilikali a atsamunda, n'kufalikira kumtunda m'nyengo ya Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse. Malipenga a ku Nkhata Bay ndi mganda wa ku Dowa ndi Ntchisi, ndi makabudula awo, masokosi awo ndi maudindo awo otengera usilikali, ndi a banja lomwelo. Lero amavinidwa pa zikondwerero za dziko ngati chuma cha makolo, ndipo ndi chumadi, chifukwa makolowo anabwereka, n'kuumba, mpaka chobwerekacho chinakhala chawo. Chinenero chimachita chimodzimodzi. Nsapato, kalata, mbatata ndi fodya n'zochokera ku Chipwitikizi. Buluku ndi wa ku Chiafirikansi. Ndege ndi ya Chiswahili. Chimanga cha nsima ndi mtedza wa nsinjiro zinaoloka nyanja yomweyo imene salsa yaoloka. Wofuna chikhalidwe chopanda chobwereka ayende wopanda nsapato, ndipo agone ndi njala.

Chiphunzitso chakuti mtundu uliwonse uzivina zake chili ndi mbiri yakeyake pa migodi ya Rand, ndipo si mbiri yokoma. M'makomboni a migodi, kumene kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970 kunali Amalawi oposa 100,000 olembedwa ndi Wenela, amuna ankagonekedwa m'zipinda potsata mitundu, ndipo Lamulungu ankavinanso potsata mitundu: Achopi ndi timbila zawo, Azulu ndi indlamu yawo, Abhaca ndi gule wawo wa majombo, alendo achizungu ali pa mipando yoonerera. Hugh Tracey analemba buku la magule amenewa mu 1952. Kukoma kwa magulewo palibe angakutsutse. Koma eni migodi ankawakonda pa chifukwa china: wantchito amene akudziona ngati Mchopi basi, kapena Mnyasa basi, sachedwa kukayikira mnzake wa chipinda china, ndipo anthu okayikirana sanyanyalira ntchito limodzi. Gule wa awiriawiri, wa jekete ndi nsapato zopukuta, ankavinidwa kwina: ku Sophiatown, ku Bantu Men's Social Centre, m'maholo a m'malokeshoni, kumene munthu wakuda ankadzionetsa ngati mwini mzinda, chinthu chimene boma la tsankho linkakana. Makaladi nawo anasunga langarm, gule wawo wa awiriawiri wa m'maholo ndi pa maukwati. Wovina salsa ku Reiger Park akulowa m'mwambo umene malokeshoni anali nawo kale, ndipo wom'bwezera ku gule wa mtundu wake akum'bwezera ku komboni.

Chichewa chili ndi mawu awiri, gule ndi dansi, ndipo mlandu wonsewu wabisala pakati pawo. Gule ali ndi bwalo, ulemu ndi eni ake. Dansi anapatsidwa bala, mdima ndi mbiri yoipa. Koma mneni ndi mmodzi, kuvina, ndipo misintho yake ikuulula mmene eni chinenero amaonera nkhaniyi. Namwali amam'vinira, wodwala mizimu amam'vinitsa, munthu amene walowa m'gulu la akulu amatchedwa wovinidwa, ndipo wosavinidwa ndi mwana ngakhale atamera imvi. Chinenero chimene chimati munthu amakula mwa kuvinidwa sichingavomereze kuti kuvina ndi chibwana. Akuluampingo odandaula za salsa akumbukire kuti amishoni a ku Nkhoma ndi ansembe a ku Mua analimbana ndi nyau kwa zaka zambiri, ndipo lero zigoba za Gule Wamkulu yemweyo, amene UNESCO inam'lemekeza mu 2005, zikusungidwa mwaulemu m'nyumba ya chionetsero pa mishoni ya Mua pomwepo. Ndipo m'badwo umene unakula pansi pa lamulo la kavalidwe la 1973, pamene boma linkayeza kutalika kwa siketi uku likusonkhanitsa mbumba kuti ivinire mtsogoleri, uyenera kukhala woyamba kuchita mantha ukamva wina akugamula gule woyenera ndi wosayenera.

Dandaulo la achibale ndilo lili ndi kulemera, ndipo lisanyozedwe. Randi iliyonse yolipirira phunziro la gule ndi randi imene sinafike pa Mukuru kukagula feteleza kapena kulipira fizi ya mwana. Koma pansi pa dandauloli pali ganizo lakuti wa ku Joni ndi dzanja lotumiza ndalama, basi. Ganizoli si la kumudzi. Ndi la Wenela, imene inkalemba mwamuna ngati mphamvu ya miyezi yowerengeka n'kum'bweza kwawo ikathana naye, kapena osam'fikitsa n'komwe, monga Amalawi oposa 70 aja amene anafera m'ndege imene inagwa ku Francistown pa 4 Epulo 1974. Chichewa chilibe liwu limodzi lotchulira chinthu chimene munthu wamkulu amachiphunzira mwakhama, sabata ndi sabata, popanda phindu la ndalama, chifukwa chongochikonda. Msangulutso ndi wopepuka, chizolowezi chimapendekera ku fodya ndi mowa, masewera ndi a ana. Kusowa kwa liwuli sikutanthauza kuti chinthucho kulibe: wabawo, woweta nkhunda ndi wa kwaya amachidziwa bwino. Chimene chikukanidwa n'chakuti mlendo wosauka nayenso akhale nacho, kuti pa masiku asanu ndi awiri a sabata pakhale maola awiri amene thupi lake si la bwana, si la mwini nyumba, si la achibale.

Tsono guleyo payekha amaphunzitsa chiyani? Nyimbo imawerengedwa kasanu ndi katatu; wovina amaponda katatu n'kupuma, n'kupondanso katatu n'kupuma. Wina amatsogolera, wina amatsatira, ndipo palibe kulankhula. Uthenga wonse, wakuti tembenuka, bwerera, dutsa uku, umayenda kuchokera m'chikhatho kudzera pa chigongono kufika paphewa. Aphunzitsi amalimbikira kwambiri pa chiwalo chimenechi: chigongono chikalobodoka uthenga sufika, chikauma mnzake wa wovinayo amapweteka, chikathawira kumbuyo kwa nthiti mgwirizano watha. Mu rueda de casino, kavinidwe kochokera m'maholo a ku Havana a m'zaka za m'ma 1950, ovina amaima mozungulira ngati pa bwalo la chimtali, mmodzi n'kumafuula malamulo, ndipo pakangopita kanthawi aliyense amasiya mnzake n'kulandira wotsatira. Palibe amasankha dzanja limene likubwera. Wolankhula Chiafirikansi wa ku Reiger Park, Mzulu wa ku Vosloorus, Mshangani wa ku Ramaphosa ndi Mchewa wa ku Kasungu onse ndi alendo pa mawu achisipanishi akufuulidwawo. Onse amawatchula mokhota, ndipo palibe amafa nazo. Chiwalo chimene mu 2008 chinkalozedwa kuti chiulule mlendo, muno ndicho chimene mlendo amalankhulira.

Izi sizikutanthauza kuti salsa ilibe banga. Malonda ake ali ndi milandu yeniyeni, ndipo ndi imene ophunzira anayenera kuzenga. Masukulu odziwika a guleyu amapezeka kwambiri m'madera a anthu opeza bwino a ku Johannesburg, ndipo amaphunzitsa madzulo, nthawi imene matekisi asowa ndipo wopanda mapepala amaopa msewu. Aphunzitsi ena amayamba mbiri ya guleyu ku New York kapena ku Los Angeles, n'kudumpha Havana, Matanzas ndi Kongo, kotero kuti wophunzira wakuda amagula cholowa chake chomwe atachifufuta dzina. Mawu akuti mwamuna atsogolere, mkazi atsatire, amuna ena amawatenga ngati chilolezo cha manja oyendayenda, ndipo mkazi wobwera, amene amaopa kupita kupolisi, ndiye amavutika koposa. Mankhwala a zonsezi ndi kutsitsa mtengo, kubweretsa guleyu m'maholo a m'malokeshoni masana a Loweruka, kuphunzitsa mbiri pamodzi ndi mapazi, kulola akazi kutsogolera, ndi kutulutsa kunja wamanja oipa. Nyumba ikadontha saigwetsa, amaifolera.

Wina asanamizidwe kuti gule amazimitsa moto. Kubadwa kwa gulu la Operation Dudula ku Soweto mu 2021 kunasonyeza kuti mzimu wa 2008 sunafe, ndipo chimene chimateteza mlendo ndi malamulo, apolisi achilungamo, ntchito ndi nyumba. Salsa siingapereke chimodzi mwa izi. Chimene ingapereke n'chochepa: chipinda chimodzi m'lokeshoni yomangidwa pa kusankhana mitundu, momwe anansi amagwirana manja asanafunsane kwawo. Akuluakulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo sanati ayambe walongosola kumene anakasulitsa. Ntchito ya wophunzira ndi kupita ku holoko ndi kope m'manja, kukamva mmene clave akutchulidwira m'kamwa mwa Mchewa, mawu amene akubadwa powerenga mapazi, ndi dzina limene guleyu adzapatsidwe akadzakhazikika ku Mchesi ndi ku Chilomoni, monga rumba inasandukira lumba. Alonda a pa chipata cha chikhalidwe ndi ochuluka kale ku East Rand, ndipo sakusowa thandizo la madokotala a ku yunivesite.